M'bale wa Nambala Sikisi

Wapampando anamenya tebulo kachitatu, koma aphungu anapitiriza kunong'onezana ngati ana asukulu aphunzitsi atatuluka. Iye anapukuta thukuta pamutu. Mutuwo unali wosalala, chifukwa Lachinayi lililonse komiti isanakhale ankayamba wadzera kwa wometa, kukakhala ola lathunthu akucheza.

Nkhani ya tsikulo inali ya akazembe. Boma linatumiza ku Nyumba ya Malamulo maina asanu ndi limodzi, pamene mipando kunjako inali isanu. Mmodzi anayenera kugwa. Malipoti a zachitetezo anatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti awoloke msewu umodzi wokha kufika m'chipinda chino, ndipo miyezi yonseyo wapampando ankaimva m'thupi.

Pa mainawo panali la mlongo wake. Mayiyu atangomva kuti wasankhidwa anatula pansi ntchito, nabweza nyumba ya lendi, n'kusamukira kwa mchimwene wake ndi ana awiri. Ankati n'za masabata atatu basi. Masutikesi anayi anali adakali pabalaza, ana anaphonya teremu yonse, ndipo mayi a kunyumba anali atayamba kutsuka mbale mwaphokoso. Wapampando anatopa nazo. M'mawa uliwonse mlongo wake ankangomuyang'ana osafunsa kanthu, ndipo kuyang'anako kunkamupweteka kuposa funso.

Kuti otsutsa asamuuze kuti atuluke pa nkhani yokhudza m'bale wake, iye yemwe anabweretsa njira ya manambala. Malipoti azibwera opanda maina, maina azikhala mu envulopu yomata kwa mlembi wa komiti mpaka voti itatha. Manyuzi anamuyamikira. Iye ankangoseka chamumtima, poti mlongo wake anali atamuuza kale kuti tsiku lofunsidwa ndi a zachitetezo analowa wachitatu. Lipoti la nambala firii analiwerenga kawiri, ndipo linali loyera ngati mpango watsopano.

Chotsala chinali kupeza wogwetsa, koma komiti inali itazungulira maola anayi. Wina ankafuna tiyi. Wina ankafunsa chifukwa chake lipoti la nambala wani linali ndi sitampa yopendekeka. Phungu wa otsutsa, mayi wa magalasi okhuthala, anapempha kuti nkhaniyi iyambe yaima mpaka mwezi wa mawa, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwezi wina ndi masutikesi aja!

Wapampando anakoka lipoti la nambala sikisi n'kuliwerenga mokweza. Munthuyo payekha analibe banga. Koma ndime yomaliza inkati ali ndi m'bale wapafupi wosasunga chinsinsi, ndipo kangapo konse nkhani za boma zinamveka mumsewu zisanalengezedwe, zitachokera pakamwa pa m'baleyo.

Apa wapampando anapeza pogwira. Anayankhula mphindi makumi awiri osameza malovu. Anati kazembe amasenza mtima wa dziko, ndipo zimene wamva ku ofesi masana zimakathera patebulo la kunyumba madzulo. Anati dengu lobooka sutengeramo ufa ngakhale mwini wake akhale waukhondo chotani. Mayi wa magalasi anati si bwino munthu kufera tchimo la mnzake, ayambe amuitana adziyankhire yekha.

"Olemekezeka, nsomba ikawola imodzi, zonse zawola," anatero wapampando. "Ife sititumiza munthu yekha, timatumiza ndi mtundu wake womwe."

Mlembi, munthu wofatsa amene anakalambira m'chipindamo, anakweza chala n'kunena chapansipansi kuti lipotilo lili ndi tsamba lachiwiri kuseri. Wapampando anamubweza ndi dzanja. Masamba anali atawerenga okwanira, ndipo akanalola tsamba limodzi, aphungu akanapempha ena khumi.

Anavota. Asanu ndi mmodzi anati nambala sikisi agwe, asanu ndi mmodzi anati aime kaye. Malamulo a komiti amati zikatere wapampando ndiye amadula. Sanachedwe ngakhale kutsokomola. Anasaina pepala la chigamulo, dzina lonse, n'kulemba mzere pansi pake. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi iwiri anapuma bwinobwino. Pansi pa tebulo anali atayamba kale kulemba uthenga pa foni, wouza mlongo wake kuti atenge masutikesi aja awapukute fumbi.

Mlembi anang'amba envulopu. Anayamba wafotokoza, monga mwa chizolowezi chake chochedwetsa, kuti a zachitetezo anapereka manambala mwa maere, osati motsata mmene anthu analowera. Kenako anawerenga maina a opambana mmodzimmodzi, kuyambira wani mpaka faifi. Pa firii anatchula bambo wina wa ku yunivesite.

Chala cha wapampando chinaima pa foni. Mlembi sanatchule dzina lotsalalo. Anangotembenuza lipoti lija n'kumukankhira tsamba lachiwiri, lomwe linali ndi mzere umodzi wokha: m'bale wa nambala sikisi ndi mchimwene wake, phungu, amene amaulula zonse kwa wometa Lachinayi lililonse m'mawa.