Chilombo cha m'Munda wa Tiyi

Panali munthu wina cha ku Kapichi, dzina lake a Bizwick. Amene anafotokoza nkhaniyi ndi wothyola tiyi kumeneko, ndipo akuti anaona ndi maso.

A Bizwick anali ndi dimba la nthochi ndi kabichi zomwe ankakagulitsa ku Bvumbwe, koma akuba anawatopetsa. Tsiku lina anagula kamwana ka galu, kakuda, kokonda kusewera ndi aliyense. Iwo sankafuna galu wosewera. Ankafuna woti munthu akangomva kuuwa kwake, athawiretu.

Anakatsekera m'khola lamdima kuti kasaone munthu. M'chakudya chake ankasinjiramo mavu ndi tsabola, monga anawalangizira akatswiri a pabawo, amene sasowa mankhwala a chilichonse. Munthu akamadutsa panjira, a Bizwick ankalowetsa ndodo m'kholamo n'kukabaya, kuti kaphunzire kuti fungo la munthu limabwera ndi ululu. Mayi Janeth, namwino amene ankakhala nawo moyandikana, anawachenjeza kuti chimene akuumbacho chidzawakulira. Iwo anaseka, n'kunena kuti mayiwo adziwa za jakisoni, za agalu asiyire eni ake.

Chaka chitatha, galu anali atakula ngati mwana wa ng'ombe. Tsiku loyamba kumutulutsa anang'amba mbuzi ya pakhomo pomwepo, n'kuthamangitsa akazi awo a Bizwick mpaka m'bafa. A Bizwick anachita mantha ndi ntchito ya manja awo. Kumupha analephera, kumusunganso analephera. Anamukoka ndi chingwe kudzera kudimba mpaka m'nkhalango ya bulugama ya esiteti ya tiyi, anamumasula, n'kumugenda ndi miyala kuti asawatsatire. Pobwera anauza anthu kuti galu uja wafa, n'kulamula akazi awo kuti atseke pakamwa.

Pasanathe mwezi, mayi wina wothyola tiyi, dzina lake Rachel, analumidwa pantchafu dengu lili kumsana. Kenako mlonda. Kenako mbuzi zitatu. Othyola tiyi anayamba kukana mizere ya kufupi ndi nkhalango. Poti chinthucho chinkatulukira pansi pa tiyi n'kuzimirira momwemo, palibe anachiona bwino, ndipo aliyense anawonjezera chake. Posakhalitsa sichinalinso galu, chinali chilombo chochita kutumidwa.

Mlandu unagwera a Simeoni, nkhalamba yopuma pantchito ya ulonda, imene inkakhala yokha m'mphepete mwa nkhalangoyo. Umboni wake unali womvetsa chisoni: anawaona akusiya zotsala za chakudya pansi pa mtengo. Atafunsidwa sanakane.

"Ndi galu chabe, ana inu. Ali ndi njala, ndipo thupi lonse ndi zipsera. Alipo amene anamuzunza."

Anthu anangomva zoti akuluwo akuchidyetsa. Anayamba kupangana zowathamangitsa.

Mayi Janeth anapita kwa a Bizwick. Anawauza kuti bala la Rachel analitsuka ndi iwowo, ndipo mano a galu amawadziwa.

"Kaneneni, bambo, asanawapweteke akulu aja."

"Wanga uja anafa, mayi. Musandiputire nkhani."

Anayankha choncho, koma chakudya chinasiya kulowa. Ankadziwa kuti mawu awiri okha akanapulumutsa a Simeoni. Ankadziwanso kuti mawu omwewo akanawaika pamaso pa Rachel ndi abale ake. Tsiku lililonse ankati akanena mawa. Mayi Janeth anayesa okha kuuza anthu kuti ndi galu, koma popanda mwini wake wovomera, palibe anawamvera.

Lachisanu masana gulu linagwetsa nyumba ya a Simeoni. Akuluwo anathyoledwa mkono, n'kuthawira kwa mwana wawo ku Nchilamwela. A Bizwick analipo, kumbuyo kwa gulu, manja ali m'matumba. Zimapweteka kunena, koma mumtima mwawo anapumako.

Chilombo sichinasiye. Patatha sabata alonda a esiteti anachikola ndi msampha wa waya, ndipo anthu anakhamukira komweko. A Bizwick anathamanga ndi chibonga, kufuna kukhala oyamba kuchimaliza nkhani isanatuluke. Galu anali atagona m'magazi, mwendo uli m'waya, akutulutsira mano aliyense woyandikira. Nawonso alonda ankaimira patali.

A Bizwick atapyola gulu n'kukweza chibonga, galu anasiya kubangula. Anagwetsa makutu. Anayamba kugwedeza mchira, n'kudzikoka chokwawa mpaka pamene waya anathera, nayamba kunyambita zala za kumapazi kwawo.

Rachel, atatsamira ndodo yake, ndi amene analankhula, ndipo sanakweze mawu.

"Bambo, akukudziwanitu."

Akuluakulu amati choipa chitsata mwini. Chibonga chinagwa chokha. A Bizwick anagwada, anagwira mutu wa galuyo, kanali koyamba kumugwira opanda ndodo, n'kunena kuti, "Ndi wanga. Ndinamupanga ndine."

Alonda anamupha galuyo pomwepo, chifukwa panalibenso chochita naye. A Bizwick anapita ku Nchilamwela kukapepesa. A Simeoni anawalandira, anawamvetsera mpaka kumapeto, mkono uli m'chikhakha. Za nyumba sanafunse. Anangofunsa ngati galu uja anali ndi dzina.

Analibe.

Phunziro: Chimene waumba ndi manja ako ndi chako, kaya ndi chiweto, mwana kapena wophunzira ntchito kwa iwe. Ukachilera ndi nkhanza n'kuchitaya chikakuopsa, olumidwa amakhala osalakwa, ndipo chilombo chenicheni si chija chili m'tchire. Vomera zako wina asanavulale m'malo mwako. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa anzako amene akulera.