Anabisa miyendo yotupa ya mkazi wake

Panali munthu wina kufupi ndi Benga, dzina lake Sailesi, wogula usipa kwa asodzi n'kukagulitsa ku Lilongwe. Izi zinayamba chaka chija tinavotera zipani zambiri koyamba, ndipo amene ankamudziwa akuti n'zoona.

Mkazi wake Iness anali ndi pakati poyamba. Mimba itakula, miyendo inatupa, nkhope nayonso, mutu osamupatsa mpata. Kusikelo namwino anamuyeza n'kunena kuti, "Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mubwere mudzadikirire konkuno, tizikuonani. Izi zingavulaze inu ndi mwana yemwe."

Iness atakafotokoza kunyumba, Sailesi anakumbukira zonena za anthu. Kumudziko ankati mayi wapakati akatupa, ndiye kuti mwamuna wake wayenda njira zina, wamusempha. Ndipo Sailesi, tisabisane, akapita ku Lilongwe sankagona yekha. Anaona kuti mkazi akakagonekedwa, akuchikazi abwera, aona miyendoyo, mlandu wake uyambira pomwepo.

"Kuchipatala supita," anatero. "Uzivala chitenje chofika pansi. Amayi ako asaone."

"Abambo, mutu ukundiwawa zedi. Maso akuchita chidima."

"Mankhwala ndikupezera ine."

Anawapezadi, kwa munthu amene anangokumana naye m'basi: mizu yochiza tsempho yonyikidwa m'botolo. Bambo wamkulu ndi ndevu zake kukhulupirira mlendo wa m'basi kuposa namwino, chonsecho n'kuopa manyazi basi!

Sipanathe mwezi, Iness anagwa pamjigo n'kuyamba kuphupha ngati wa khunyu. Anthu anathamangira naye kuchipatala pangolo. Mwana anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono kokwana m'manja, ndipo anachedwa kulira. Iness sanadzukenso. Miyendo ija anadzaiona ndi amayi osambitsa maliro, ndipo anauza abale ake.

Mwanayo anamutcha Lazaro, poti onse anali atamutaya kale. Agogo ake anamulera, koma atayamba kuyenda Sailesi anakakamira n'kumutenga. Sanakwatirenso. M'nyumba muja anali awiriwiri.

Lazaro sankakhala pansi. Ukamutuma mchere, abwera ndi mwana wa mphaka. Ukamusiya kuti alonde usipa pathandala, akhwangwala achita phwando iye ali mumtengo. Atayamba sukulu, ankayankha funso lisanathe, pensulo ankataya tsiku lomwelo, ndipo pakati pa phunziro ankangodzuka n'kumazungulira.

"Ana a matipate awa," anatero aphunzitsi. "Ufulu wawalowa m'mutu."

Mankhwala a Sailesi anali ndodo. Ankamenya m'mawa, ankamenya masana.

"Ababa, ndimafuna kukhala phee," ankalira Lazaro, "koma thupi limakana."

"Mwano umenewo!"

Makolo ena analetsa ana awo kusewera naye. Mwana analibe mnzake, bambo analibe wocheza naye, ndipo awiriwa ankadya osayang'anana. Zinali zomvetsa chisoni.

Tsiku lina usipa wonse unanyowa ndi mvula Lazaro ataiwala kuanula. Sailesi anamumenya mwanayo mpaka mkono unathyoka. Nkhani inafika ku Dwambazi kwa Stefano, mlongo wake wa malemu Iness, ndipo anabwera n'kuwapeza kuchipatala.

Dokotala akumanga mkono uja anaona mwana akugwiragwira chilichonse patebulo. Anafunsa za kusukulu, za kunyumba, kenako za mmene anabadwira.

"Mwanayu si wamwano," anatero dokotala. "Zikuoneka ngati ndi vuto limene limalepheretsa mwana kukhazikika, timalitcha ADHD. Zoyambitsa zake n'zambiri, nthawi zina n'lakumtundu. Koma mayi akathamanga magazi ali ndi pakati, mwana n'kubadwa masiku asanakwane, mpata wa vutoli umakula. Sindinganene kuti n'chimenechi basi. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndodo sichiza. Kodi mayi ake sankapita kusikelo?"



"Ankapita," anayankha Stefano. Kenako anatembenukira kwa Sailesi. "Alamu, mlongo wanga munatibisira mpaka tinamuona posambitsa. Uyu simutibisira."

Tsiku lomwelo Stefano ananyamuka ndi Lazaro wa ku Dwambazi.

Patapita chaka, Sailesi anagula mpira n'kukwera basi kukamuona. Anapeza Lazaro akuthamangitsa mbalame kumunda wa mpunga wa amalume ake, ntchito imene inamuyenera ndithu, akuseka ndi anzake. Sailesi anali asanamvepo mwana wake akuseka chonchi.

"Lazaro, mwana wanga!"

Mwana anaima. Sailesi anatambasula dzanja kuti amupatse moni. Lazaro anagwada msanga n'kuphimba mutu ndi manja onse awiri.

Sailesi anaika mpira pansi n'kubwerera kumsewu. Akuti mpaka lero amakhala yekha m'nyumba ija.

Phunziro: Mayi wapakati akatupa, mutu ukamamuwawa kapena maso akamachita chidima, thamangirani naye kuchipatala, osabisa ndi chitenje. Manyazi anu asadzalipiridwe ndi mayi ndi mwana. Ndipo mwana wosakhazikika musafulumire kumutcha wamwano, kafunseni azachipatala. Wakutsina khutu ndi mnansi: tumizirani nkhaniyi abambo onse amene akazi awo ali oyembekezera.