Kachotupa Pakhosi pa Yuniya

Kodi mungalote kuti ndani anayamba kuzindikira matenda a Yuniya?

Dokotala wa ku Lichinga anayendetsa kachipangizo kounikira pakhosi pake, kenako anaima. Pachithokomiro panali kachotupa kochepa ngati nyemba. Yuniya anakumbukira amayi ake, amene khansa ya pakhosi inawatenga itadziwika mochedwa.

"Mwafulumira bwino, mayi. Titengapo pang'ono ndi singano tikayeze," anatero dokotalayo, akuyang'anabe modabwa chithunzi chimene kachipangizoko kankaonetsa. "Koma kameneka ndi maso sikaoneka. Anakutumani kuno ndani?"

"Anandiimitsa pakati pa nyimbo," anayankha Yuniya. "Akuti, 'Mwanawe, mwezi wachitatu uno mawu ako ali osasa. Si chimfine chimenecho. Kwera minibasi ya chapa, upite kuchipatala.'"

Anali a Barnaba, otsogolera kwaya ya ku Cobue, amene anabadwa osaona.