Besi Yoyenda Yokha

"Dzanja lamanzere lija laphunzira kuyenda tsopano," anatero aphunzitsi okalamba a woyimba jazi wina, omwe anasiya kuona kalekale, akupapasa mipando ya mu hotelo kuyandikira piyano yamagetsi imene wophunzira wawoyo ankayimba.

Woyimba jaziyo anamwetulira, thukuta lili kamukamu. Zaka zonsezi kuyendetsa besi, mawu okhuthala apansi aja, ndi dzanja lamanzere kunamukanika, choncho ankaijambuliratu m'makina, zala n'kumangonamizira pamwamba.

"Bwera nalo ndiligwire, mwanangu."

Asanayankhe, aphunzitsiwo analigwira dzanjalo ndi manja awiri n'kulinyamula. Besi inapitirira kukwera ndi kutsika, osapunthwa ngakhale kamodzi.

Woyimbayo anazyolika ndi manyazi. Aphunzitsiwo anamvetsera kanthawi, kenako analibwezera dzanjalo pamalo pake pang'onopang'ono.

"Pitiriza," anatero motsitsa mawu. "Anthu akukuyang'ana."