Chitsulo cha ndege chogulidwa pa Nyimba

Panali munthu wina wa kwa Kalindawalo ku Petauke, dzina lake Febian Sakala, ndipo odziwa akuti nkhani yakeyi ndi yoona. Anali makaniko wa ndege zankhondo m'zaka zija za chipani chimodzi, malire a kumwera atatsekedwa, sopo ndi mchere zili zofolera mzere. Ndegezo zinali nkhalamba, zipangizo zake osabwera. Amakaniko ankangozula chitsulo pa ndege iyi n'kukamanga pa iyo, mpaka zozulazo zinatha.

Pakati pa ndege zogona pansi panali ya Edmond, mwana wa mlongo wake Eneless. Febian ndiye anali malume, mwini mbumba, amene anaphunzitsa mwanayo mpaka kukhala woyendetsa ndege. Ndegeyo inkasowa kanthu kamodzi kokha, chitsulo chogwira mwendo wa tayala, chija chimasenza ndege yonse ikamatera.

"Amalume, anzanga auluka, ine nili chabe pansi monga nkhuku," Edmond ankadandaula motero, ndipo Febian zinkamudya mumtima.

Tsiku lina akuchokera kutchuthi kumudzi, basi inaima pa Nyimba kuti anthu agule nthochi. Pambali pa msewu mwamuna wina wokhoma zidebe, wotchedwa Morgan, anali atayala masipoko a njinga pa saka. Pakati pa masipokowo panali chitsulo chomwecho, chikung'anima ngati chatsopano.

"Ichi mwachitenga kuti, bambo?" anafunsa Febian.

"Ku Mozambiki, bwana. Azungu pothawa anasiya mabokosi osatsegula. Musafunse maningi."

Febian naye sanafunsedi. Anagula, n'kukaonetsa a Stanislaus, mkulu wa amakaniko.

"A Sakala, chitsulo cha ndeke sitigula monga nthochi," anatero mkuluyo. "Ngati simudziwa kwamene chachokela, tayani."

Febian anavomera ndi pakamwa pokha. Mkuluyo atangochokapo anachimanga pa ndege, n'kuuza anzake kuti wachipeza m'nyumba yosungira katundu. Anayesa mwendo uja, unapinda, unatambasuka, onse anaomba m'manja.

Edmond anachita kudumpha. "Loweluka tiyendela malile a kum'mawa. Muwauze amama ayang'ane kumwamba!"

Febian anati zimenezi akazionere limodzi ndi mlongo wake. Anapempha chilolezo, nakwera basi. Pofika pa Nyimba m'mawa wa Lowerukalo anatsika, poti anali atakomedwa, kuti agule zitsulo zina. Morgan panalibe. Anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi pafupi.

"A Morgan ayenda ku Luembe mailo, kukazula vina," anayankha mayiyo, kutanthauza kuti anapita dzulo.

"Kuzula pati, amai?"

"Pa ndeke ija inagwa m'thengo kale. Simuidziwa? Chaka na chaka titentha pamenepo posaka mbewa, moto upita pamwamba pake. Akazi awo ndiye akwecha visulo na phulusa na mchenga mpaka vioneka vatsopano."

Makaniko aliyense amadziwa kuti chitsulo chimene chakhala chikupsa ndi moto chimaoneka bwino kunja koma mphamvu chilibe. Pouluka sichivuta. Chimadikira ndege itsamire pa icho potera, n'kuthyoka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo Febian anali atazimanga yekha pansi pa mwana wa mlongo wake.

Anathamangira lamya ya paboma, anapeza yakufa. Basi inali itamusiya. Anaimitsa lole ya thonje, nakwera pamwamba, njira yonse akumenya denga kuti dalaivala afulumire. Atafika ku Petauke anaimbira kuntchito kwake, lamya inalira, wina anayankha chapatali.

"Imikani ndeke ya Edmond! Isanyamuke!" anakuwa Febian.

"Ndani? Sinimvela, kambani futi!"

Mawu anaduka. Akuyesanso, mazenera ananjenjemera ndi mkokomo. Anatuluka panja, naona ndege ikudutsa chapansipansi, anthu akuimika manja, ana akuthamangira mthunzi wake. Febian anavula malaya n'kumakupiza ngati wamisala. "Usatele! Edmond, usatele!" Anthu anamuseka, ndege inapita.

Anabwereka njinga mpaka kumudzi. Anapeza Eneless mawu atasasa ndi nthungululu, nkhuku ataipha kale.

"Alongo, mwamuona mwana wanu? Mudzi wonse wamuona! Ndimwe munaikonza ndeke ija, Mulungu akudalitseni."

Febian nkhukuyo sanaikhudze. Ankangoti wakhala pansi, waimirira, wapita kumsewu, wabwerera. Mlongo wake atafunsa, anati ndi mutu.

M'mawa mwake galimoto ya asilikali inakhota kulowa m'mudzi. Anatsikamo a Stanislaus, chipewa chili m'manja. Mwendo wa ndege unali utathyoka potera, ndege inagubuduzika n'kuyaka, Edmond n'kufera momwemo. Eneless anagwa pomwepo.

Tsono kwathu kuno maliro saikidwa mwakachetechete. Mwini mbumba amaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza mmene imfa yalowera pakhomo. Bokosi litafika, anthu atakhala pansi, onse anatembenukira kwa Febian. Eneless anadzutsa mutu pakati pa amayi omugwira.

"Kambani, alongo. Imwe mudziwa va ndeke. Niuzeni chamene chapha mwana wanga."

Febian anaimirira, nayang'ana mlongo wake.

"Si ndeke, Eneless. Ndine."

Phunziro: Chinthu chimene chisenza moyo wa munthu musachigule kwa mlendo chifukwa choti chikung'anima. Funsani kumene chachokera, ndipo akulu pantchito akati tayani, tayani. Changu chofuna kukondweretsa m'bale chikhoza kumukumbira manda. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa amakaniko, madalaivala ndi abale anu onse, mwina ipulumutsa mwana wa wina.