Chibangili cha maginito cha a Anesi

Panali mayi wina kumapiri a ku Neno, a Anesi, amene ankadwala bipi. Zaka ndi zaka kumwa mapilitsi, kutsika phiri kukatenga ena kuchipatala, kukweranso dzuwa lili pamutu. Anali atatopa, ndipo ndani angawanene?

Tsiku la msika kunabwera bambo wa jekete, wogulitsa zibangili za maginito. Anagwira mkono wa a Anesi, kuupukuta ndi kansalu, n'kuyendetsa chibangili pakhungu. Pochitembenuza chinali ndi tiufa takuda.

"Mwaona, mayi? Zonyansa za m'magazi mwanu izi. Mukavala ichi, za mapilitsi muiwale."

A Anesi anagula pompo. Kunyumba mwana wawo Tikondane, mtsikana wa Fomu 4, anatenga chibangilicho n'kuchikwekwereza pamchenga. Chinatola tiufa tomwe tija.

"Amayi, maginito amakoka chitsulo basi. Mumchenga muli tizitsulo, ndipo bamboyo anakupakani tomweto ndi kansalu kake. Kodi mchengawu nawonso ukudwala bipi?"

"Iwe, sukulu yakoyo usandisokose nayo. Miyendo yokwera phiri ndi yanga."

"Ndizikakutengerani ndine mankhwalawo."

"Achipatala amafuna andiyeze ineyo. Ndatopa, mwananga. Ndisiye."

Mtsikanayo anadandaula mpaka pakamwa kuuma, kenako anangowasiya. Tsoka lake, bipi ndi matenda achinyengo, nthawi zambiri samveka kupweteka. Miyezi inadutsa a Anesi osamwa mapilitsi koma akuyenda bwinobwino, akuonetsa chibangili chawo kwa azimayi anzawo potuluka m'tchalitchi.

Tsiku lina akupalira chimanga, khasu linangopulumuka m'manja. Pakamwa panapotoka. Anthu anawanyamula pamachira mpaka kuchipatala. Moyo unatsala, koma mbali yonse yakumanja ya thupi lawo inafa. Bambo wa jekete uja sanaonekenso pamsika.

Panyumbapo panalibe wina wowasambitsa kapena kuwatembenuza, choncho Tikondane anasiya sukulu. M'mawa umene mayeso anayamba, a Anesi ali gone pakhonde anaona anzake a mwana wawo akudutsa ndi yunifomu, iye akuyanika zofunda za mayi ake osatembenuka n'komwe. Anafuna kunena kuti pepa mwananga, koma lilime linakana.

Phunziro: Maginito amakoka misomali, sakoka matenda. Ngakhale mutatopa chotani, musasiye mankhwala chifukwa cha mlendo wa pamsika. Ndipo mwana amene mukumutumiza kusukulu akakuuzani zimene waphunzira, mumvereni. Tumizirani ena, makamaka amene kwawo kuli wodwala bipi.