Tsabola wa Apongozi

Teleza anawachenjeza a pabanjapo kuti chidwalireni malungo, mwana wake Limbikani akukana phala, akungolandira bere lokha. Palibe anamumvera.

Madzulo amenewo apongozi ake, omwe anabwera kuchokera kwa Mphuka, anakhala pakhonde la nyumba ya pa esiteti ya tiyi nkumasinja tsabola m'kambale.

"Amake Limbi, mwana woti amatha kutumidwa mchere, azikufunyululani bulauzi pamzere woyezetsa tiyi? Anthu akutiseka. Mupake uyu kumabereko. Akapanda kusiya, mawa ndikwera naye basi."

"Amayi, anesi anati ayamwebe mpaka apeze mphamvu."

"Elson uyu ndinamuletsa kuyamwa asanayambe kuyenda. Anafa?"

Elson, mwamuna wa Teleza, ankangopala matope ku gambutsi zake, maso ali pansi.

Limbikani anafika akudzandira, nalowetsa dzanja m'bulauzi ya mayi ake. Kadzanjako kanali kakutenthabe. Teleza anayang'ana apongozi, anayang'ana Elson, kenako analandira kambaleko ndi manja awiri, nathokoza.

M'nyumba anapinda zitenje ziwiri nkuzibisa kuseri kwa chitseko. Anatsimikiza mumtima kuti kusanache adzamubereka mwanayo, nkudutsa m'minda ya tiyi kupita kwa amalume ake ku Bvumbwe.